Mphaka wa shuga: lebulo ikapanda kunena za makabohaidireti, nambala yeniyeni muipeza chonchi

Vuto lomwe limabwerabwera kwa aliyense amene ali ndi mphaka wodwala shuga ndi ili: a dokotala a ziweto akuuzani kuti muzimupatsa chakudya chochepa makabohaidireti, inu mwavomera, mwanyamula chitini n'kuchitembenuza kuti muwerenge kumbuyoko, koma nambala ya makabohaidireti palibe. Mapuloteni alipo, mafuta alipo, faiba ilipo, madzi alipo, koma chomwe mukufunacho zii. Mukalowa pa intaneti nde mutu umachita kuzungulira, chifukwa chakudya chimodzi chomwecho wina akuti 4 peresenti wina akuti 15, ogulitsa angolemba kuti "low carb" basi osaonetsa nambala iliyonse, ndipo aliyense akuyankhula motsimikiza ngati anachiyeza yekha ku labu.

Sikuti makampani akuphwanya lamulo ayi. Malamulo a lebulo kwa zaka zambiri sanawakakamize kulemba makabohaidireti, kaya ku America kaya ku Ulaya. Bungwe la AAFCO, loona za malamulo a zakudya za ziweto ku America, linavomereza mu 2023 kalembedwe katsopano ka lebulo komwe kali ndi mzere wa makabohaidireti, koma makampani anapatsidwa zaka zingapo zoti asinthire, nde zitini zambiri zikadali ndi kalembedwe kakale. Pakadali pano ntchito ndi yanu.

Kodi nambala yomwe mukusakayo ndi iti?

Theka la chisokonezo limachokera pano. Pali njira zitatu zonenera kuchuluka kwa makabohaidireti ndipo anthu amangotchula peresenti osanena kuti ndi ya njira iti.

Yoyamba amaitcha as fed, ndiye kuti chakudya momwe chilili m'chitinimo ndi madzi ake omwe. Chakudya cha m'chitini chimakhala ndi madzi pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti pomwe chouma chija chimakhala ndi pafupifupi 10, nde kuyerekeza ziwirizi pa as fed kuli ngati kuyerekeza mkaka wamadzi ndi mkaka waufa pa sikelo, wamadziwo uoneka ngati mulibe kanthu. Yachiwiri ndi dry matter, pomwe madzi onse achotsedwa pa masamu. Yachitatu ndi gawo la makalori omwe akuchokera ku makabohaidireti, pa mapepala a makampani mumaiona yalembedwa % ME. Yachitatuyi ndiyo yofunika kwa mphaka wa shuga, ndipo madokotala akamati pansi pa 12 peresenti amanena imeneyi. Malangizo a mu 2015 a ISFM, bungwe la madokotala a amphaka, amatchula 12 yomweyo, ngakhale eni amphaka ambiri amakonda kutsikira pansi pa 10.

12 ameneyu sanangogwa kumwamba. Mu kafukufuku wa Bennett ndi anzake yemwe anatuluka mu 2006, amphaka a shuga ena anadyetsedwa chakudya cha m'chitini cha makabohaidireti 12 peresenti ya makalori, ena cha 26 peresenti chokhala ndi faiba yambiri, ndipo patatha masabata 16, 68 peresenti ya gulu loyamba anali atasiya insulini pomwe gulu lachiwiri anali 41 peresenti. Mphaka thupi lake linapangidwira kudya nyama, sitachi yambiri imamukwezera shuga m'magazi kwa maola ambiri, ndipo shuga akatsika msanga kapamba amatha kupumula n'kuyambanso kutulutsa insulini wokwanira. Nde mukaona munthu walemba kuti chakudya chakutichakuti ndi 3 peresenti, funso loyamba likhale lakuti, 3 peresenti ya chiyani? Akapanda kuyankha, nambalayo isiyeni.

Lebulo ilibe nambala, ndiwerenge bwanji?

Masamu ake ndi ochotsera basi. Tengani 100, chotsani mapuloteni, mafuta, faiba, madzi ndi phulusa, chotsalacho ndiye makabohaidireti pa as fed. Phulusa pa lebulo limalembedwa ash, ndi mchere wa m'chakudya monga kashiyamu ndi fosiforasi womwe umatsala akachiwotcha ku labu. Malebulo a ku Ulaya amalilemba, a ku America nthawi zambiri salilemba, nde likasowa ikani 2 mpaka 3 pa chakudya cha m'chitini, 6 mpaka 8 pa chouma. Mukaliiwala lonse limakalowa ku makabohaidireti ndipo chakudya chabwinobwino chimaoneka choipa.

Tiyeni tiyese ndi chitini chongoyerekeza: mapuloteni 10, mafuta 5, faiba 1.5, madzi 78, phulusa 2.5. Kuphatikiza ndi 97, kutsala 3. Tsopano musinthe kukhala makalori. Pa chakudya cha ziweto galamu imodzi ya mapuloteni amaiwerengera makalori 3.5, ya mafuta 8.5, ya makabohaidireti 3.5, osati 4, 9 ndi 4 zomwe timawerengera pa chakudya cha anthu. Nde 10 kuchulukitsa 3.5 ndi 35, 5 kuchulukitsa 8.5 ndi 42.5, 3 kuchulukitsa 3.5 ndi 10.5, zonse pamodzi 88. Gawani 10.5 ndi 88, mupeza pafupifupi 12 peresenti. Chitini chomwe chimaoneka ngati cha 3 peresenti chili pa malire enieni. Pa dry matter chomwechi ndi 3 kugawa ndi 22, pafupifupi 14 peresenti. Chitini chimodzi, manambala atatu, 3, 12 ndi 14, ndipo onse ndi olondola m'njira yake. Mwaona komwe mikangano ya pa intaneti imachokera eti?

Chouma chongoyerekeza: mapuloteni 38, mafuta 16, faiba 3, madzi 10, phulusa 7, kutsala 26, ndipo mukachita masamu omwewo mupeza pafupifupi 25 peresenti ya makalori. Chimenechitu pa paketi chikhoza kulembedwa high protein ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndawerengera koma yankho likusiyana ndi la ena, mwina latuluka pansi pa ziro

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa anthu ambiri amaphunzira masamu aja n'kuwakhulupirira mopitirira. Malebulo a ku America amalemba guaranteed analysis, ndipo mukayang'anitsitsa pafupi ndi nambala iliyonse pali min kapena max. Mapuloteni ndi mafuta ndi min, kutanthauza kuti osachepera apa. Faiba ndi madzi ndi max, osapitirira apa. Kampani ikulonjeza malire, sikunena zomwe zili m'chitinimo. Mafuta akalembedwa 5 enieni atha kukhala 6.5, madzi akalembedwa 78 enieni atha kukhala 76, ndipo palibe bodza lomwe lanenedwa. Tsono poti makabohaidireti timawapeza pochotsera, kulakwika kulikonse kwa manambala asanu aja kumakaunjikana pa nambala yomaliza, ndipo pa chakudya cha m'chitini nambala yomalizayo ndi kakang'ono kale, nde kusuntha ndi 2 kokha kumasintha nkhani yonse.

Taonani chitini chathu chija. Tinene kuti zenizeni ndi mapuloteni 11, mafuta 6.5, faiba 0.5, madzi 77.5, phulusa 2.5, makabohaidireti atsala 2, pa makalori ndi pafupifupi 7 peresenti, chakudya chabwino zedi. Koma tinene kuti zenizeni ndi mapuloteni 10.5, mafuta 5.5, faiba 0.5, madzi 76, phulusa 2.5, atsala 5, pa makalori ndi 17 peresenti, chomwe simungamupatse mphaka wa shuga tsiku ndi tsiku. Zonse ziwirizi zikugwirizana ndi lebulo imodzi yomweyo. Ndiye makalikuleta a pa intaneti omwe mumangolowetsamo manambala a pa lebulo n'kukupatsani yankho la madesimo awiri, masamu ake ndi abwino koma zolowetsamozo ndi zongoyandikira, musanyengedwe ndi madesimowo.

Yankho likatuluka pansi pa ziro musadabwe, simunalakwitse kuwerenga. Madzi, faiba ndi phulusa mwazitenga pa malire apamwamba pomwe zenizeni ndi zochepa, nde kuphatikiza kwadutsa 100. Kawirikawiri zimasonyeza kuti makabohaidireti ndi ochepadi, koma sizikutanthauza kuti mulibiretu.

Ena amati gwiritsani ntchito makalori omwe alembedwa pa lebulo kuti mutsimikize. Amathandiza pang'ono: ngati masamu anu akupereka makalori 880 pa kilogalamu, omwe ndi 88 aja pa magalamu 100, koma lebulo ikuti 1,010, mwadziwa kuti manambala enieni ali kutali ndi a pa lebulo. Koma sakuuzani kuti owonjezerawo akuchokera ku mafuta kapena ku sitachi, ndipo zitsanzo zanga ziwiri zija, cha 7 ndi cha 17, zonse zikufika pafupifupi 1,010 yomweyo.

Malebulo a ku Ulaya, omwe amalemba analytical constituents, ndi abwinoko pa nkhaniyi chifukwa amapereka nambala yapakati osati malire, ngakhale malamulo amalolabe kusiyana pang'ono. Vuto lawo ndi lakuti madzi amalembedwa pokhapokha akapitirira 14 peresenti, nde pa chakudya chouma mumayenera kungoikapo 8 mpaka 10 nokha. Chinanso pa malebulo onse, faiba yomwe amalemba kuti crude fiber imagwira gawo chabe la faiba yonse, yotsalayo imakawerengedwa ngati makabohaidireti, nde pa zakudya zafaiba yambiri yankho lanu limakwera kuposa sitachi yeniyeni.

Lemberani kampani, ndipo funsani mwachindunji

Njira yodalirika ndi imeneyi ndipo anthu amaizemba chifukwa amaganiza kuti sayankhidwa. Ambiri amayankha, bola funso likhale lolunjika. Mukangolemba kuti kodi chakudya chanu ndi chabwino kwa mphaka wa shuga, adzakuuzani kuti funsani dokotala wanu, basi nkhani yatha. Mukalemba kuti makabohaidireti ndi angati, ena amangokoperani lebulo yomwe ija. Pemphani typical analysis kapena kuti typical nutrient analysis ya chakudya chimenecho, ndiye kuti manambala apakati osati malire, kutchula dzina lonse, mtundu wa nyama yake ndi kukula kwa chitini, ndipo munene kuti mukufuna mapuloteni, mafuta, faiba, madzi, phulusa, makabohaidireti ndi fosiforasi, ndiponso akuuzeni ngati manambalawo ali as fed, dry matter kapena pa makalori 100. Muonjezere kuti simukufuna ma min ndi ma max. Makampani ena amaika kale zimenezi pa webusaiti yawo, pena m'gawo la madokotala a ziweto, ndipo a dokotala anu amakhala ndi mabuku a zakudya zamankhwala momwe manambalawa alimo, kungowapempha.

Yankho likabwera mu magalamu pa makalori 100, chulukitsani ndi 3.5 mupeza peresenti. Magalamu 3 pa makalori 100 ndi 10.5 peresenti, ndipo malire a 12 aja ndi pafupifupi magalamu 3.4. Likabwera pa makalori 1,000 gawani kaye ndi 10. Likabwera pa dry matter masamu aja a 3.5, 8.5, 3.5 amagwirabe chimodzimodzi, madzi sasintha gawo la makalori.

Kampani ikakana kapena ikangoti ndi chinsinsi cha kampani, kwa ine chimenecho ndi chifukwa chokwanira chosiyira chakudyacho. Simukupempha resipe, mukupempha kudziwa zomwe mphaka wodwala akumeza, ndipo zitini zina zilipo zambiri.

Nanga matchati a pa intaneti?

Lotchuka kwambiri ndi tchati cha dokotala wa ziweto Lisa Pierson, chomwe chinasonkhanitsa zakudya zambirimbiri za m'chitini pogwiritsa ntchito manambala ochokera ku makampani osati a pa lebulo, n'kuwaika pa peresenti ya makalori. Njira yake ndi yolondola. Koma chomwe chimazungulira kwambiri ndi cha 2017, cha zakudya za ku America, ndipo makampani amasintha resipe mwakachetechete, dzina ndi chithunzi n'kukhala zomwezo. Komanso dzina limodzi m'mayiko awiri si nthawi zonse pomwe limakhala chakudya chimodzi. Nde tchati chilichonse muchifunse zinthu zitatu, chinapangidwa liti, cha dziko liti, ndipo manambala anachokera kuti. Chigwiritseni ntchito posankha zakudya zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoti mufunse ku kampani, osati ngati chigamulo. Sungani chitini chimodzi chakale kapena chithunzi cha lebulo yake, mukagula zatsopano yerekezani mndandanda wa zopangira, mukaona mwalowa sitachi kapena ufa womwe munalibe, funsaninso.

Za mayankho a makina a AI ndi masamba a ogulitsa ndisatalikitse, nthawi zambiri amabwereza lebulo kapena kusakaniza as fed ndi dry matter.

Mawu a pa paketi omwe amasocheretsa

Grain free sikutanthauza kuti makabohaidireti ndi ochepa. Achotsa chimanga, tirigu ndi mpunga, aikamo mbatatesi, nsawawa, mphodza kapena ufa wa chinangwa, sitachi ndi sitachi basi. Chakudya chouma chambiri chimafuna sitachi kuti tizibulungwa tija tigwirane pochipanga, n'chifukwa chake chouma chofika pansi pa 12 ndi chosowa kwambiri. Pa mndandanda wa zopangira, zinthu zimalembedwa motsatira kulemera kwake ndi madzi omwe, nde nyama yaiwisi imakhala pamwamba chifukwa cha madzi ake, pomwe nsawawa atazigawa patatu, nsawawa, sitachi ya nsawawa, ufa wa nsawawa, chilichonse chimatsikira pansi ngati ndi chochepa.

Pa zam'chitini ndi zam'mapaketi, zokhala ndi msuzi wambiri zija ndi zomwe zimabisa sitachi chifukwa msuziwo amaukhuthalitsa ndi ufa wa tirigu, wa chimanga kapena wa chinangwa, pomwe zophwanyaphwanya zogwirana zomwe amalemba pâté kawirikawiri zimakhala zotsika. Kampani imodzi, dzina limodzi, cha msuzi n'kukhala chokwera cha pâté chotsika, nde musamati kampani yakuti ndi yabwino, yang'anani chitini chilichonse pachokha. Mukaona various sugars kapena caramel pa mndandanda, bwezani pa shelefu.

Zakudya zamankhwala monga Purina DM ndi Hill's m/d zimabwera zam'chitini ndi zouma, ndipo makabohaidireti a zoumazo amatha kusiyana ndi a zam'chitini za dzina lomwelo. A dokotala akatchula dzina, funsani kuti akunena chiti.

Nambala ndi yokongola koma chakudya sichokwanira

Mukayamba kusaka ziro mudzapeza tizitini ta nyama yokhayokha kapena nsomba m'madzi, makabohaidireti palibe, koma pa lebulo palembedwa complementary kapena intermittent or supplemental feeding only. Chimenecho ndi chokometsera chabe, mulibe taurine, kashiyamu ndi mavitamini okwanira, ndipo mphaka akasowa taurine, chinthu chomwe amachipeza m'nyama, kwa nthawi yaitali mtima ndi maso zimawonongeka. Chakudya cha tsiku ndi tsiku chilembedwe complete kapena complete and balanced. Cha 8 peresenti chokwanira chimaposa cha ziro chosakwanira.

Amphaka ambiri a shuga ndi achikulire nde impso zimakhalanso pa nkhani, ndi chifukwa chake ndinati mufunsenso fosiforasi. Impso zikayamba kufooka, a dokotala atha kusankha kulekerera makabohaidireti okwererako kuti fosiforasi atsike, ndipo pamenepo mverani iwo osati tchati. Komanso zakudya zambiri zotsika makabohaidireti zili ndi mafuta ambiri, makalori n'kuchuluka, pomwe kunenepa ndi komwe kumalepheretsa insulini kugwira ntchito, nde kuchuluka kwa chakudya muziyeza.

Mwachipeza chakudyacho, musangosintha usiku umodzi

Ngati mphaka ali kale pa jakisoni wa insulini, kaya ndi glargine, ProZinc kapena Caninsulin, mlingo womwe akubayidwa unakhazikitsidwa pa chakudya chakale. Mukamuchotsa pa chouma cha 25 kapena 30 peresenti n'kumuika pa cha 7, shuga amatha kutsika mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mlingo womwewo umasanduka wochuluka, mphaka atha kufa nawo. Uzani a dokotala musanasinthe, gwirizanani za mlingo, ndipo muziyeza shuga kunyumba masiku amenewo, kaya ndi kamakina kobaya ku khutu kapena ka sensa monga FreeStyle Libre komwe madokotala amamata pa khungu. Shuga akafika pansi pa 3.3 mmol/L, yomwe ndi 60 mg/dL, kapena mphaka akayamba kudzandira, kufooka, kunjenjemera, kuyang'ana mwabalala kapena kugwa n'kumaphupha, pakani uchi kapena manyuchi a glukosi pa nkhama n'kuthamangira ku chipatala cha ziweto. Wokomoka musamuthire chilichonse kukhosi. Amene ali pa mankhwala a shuga akumwa, Bexacat kapena Senvelgo, akasiya kudya, kusanza kapena kufooka, ndi ngozi ngakhale shuga akuoneka bwino, chifukwa maketoni, asidi omwe thupi limatulutsa likamawotcha mafuta, amatha kukwera shuga ali wabwinobwino.

Akakana chatsopanocho musamuumitse ndi njala kuti agonje. Mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku ochepa osadya mafuta amadzaza m'chiwindi ndipo mwayambitsa matenda ena oopsa pamwamba pa shuga. Sakanizani pang'onopang'ono, tenthetsani pang'ono kuti fungo lituluke, mwazani tizidutswa ta chouma chakale pamwamba, ena amatenga masabata angapo kuti azolowere.

Zonse zili bwino pa pepala koma shuga sakutsika

Yambani ndi zomwe zikulowa m'kamwa mwake kunja kwa mbale yake. Timasikono tokometsera tija tambiri ndi ufa, mankhwala ena otsekemera ndi phala lochotsera ubweya m'mimba zimakhala ndi shuga, ndipo ngati m'nyumba muli mphaka wina kapena galu wodya chouma, dziwani kuti wodwalayo akuba usiku. Pa zokometsera, nyama ya nkhuku youmitsa yopanda china chilichonse kapena kachidutswa ka nyama yophika yopanda mchere, yopandanso anyezi, ndi zokwanira. Kenako onani insulini yemwe, ngati anasungidwa mu firiji, ngati sanakhalitse, ndipo ngati sirinji ikugwirizana naye, chifukwa pali ya U-40 ndi ya U-100 ndipo kusokoneza ziwirizi kumasintha mlingo kawiri ndi theka.

Zimenezi zikakhala bwino vuto lachoka ku chakudya. Mano owola, matenda a m'chikhodzodzo, kutupa kwa kapamba, mankhwala a steroid ndi matenda a acromegaly, ochulutsa homoni yokulitsa thupi, zonse zimapangitsa kuti insulini asagwire ngakhale mbale ili ndi 5 peresenti, ndipo kusinthasintha zitini sabata iliyonse kumangosokoneza manambala omwe a dokotala akufuna kuona. Khalani pa chakudya chimodzi kapena ziwiri zomwe manambala ake mwawatsimikiza, lembani shuga, mlingo ndi chomwe wadya tsiku lililonse, n'kupita nazo kwa a dokotala kuti ayeze mkodzo, mano ndi fructosamine, yomwe imaonetsa momwe shuga wakhalira m'magazi masabata apitawa.